Wa Pansi Ndiye Agwila Moyo

Ife a mu Lusaka kukwela timakudziwa. Timakwela basi pa Kulima Tower m'mawa ndi madzulo, mtengo wa unga umakwela, lendi imakwela, ndipo mwezi ukafika pakati BP nayo yakwela. Koma kuli kukwela kwina kumene ambili a ife timangokuona pa foni, uku tili pa mpando wakumbuyo maondo atagunda cibwano: munthu ali pa khoma la mwala, kumwamba-mwamba uko, wakakamila ndi zala cabe monga buluzi. Foni imayenda m'manja mwa anthu atatu anayi, ndipo sipalephela kupezeka woweluza mlandu: "Ndalama zikapaka, munthu ayamba kusakila imfa."

Kamela imakonda wa pamwamba. Pansi pa khomalo pamakhala munthu wina amene saoneka pa cithunzi, waimilila pa fumbi, cingwe cili m'manja, akuyang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa. Nkhani ya lelo ndi ya ameneyo.

Mu December wathayu ndinapita ku Joni kukaona mwana wa mlongosi wanga, mnyamata amene agwila nchito kumeneko. Ulendo wake mumaudziwa inu amene mumakaoda katundu: basi ya pa Intercity, usana ndi usiku, mapazi kutupa. Sindinapite cimanjamanja. Mlongosi wanga anali ataona zithunzi za mwana wake pa Facebook ali lendelende pa thanthwe, ndipo anandituma mawu: "Ndimwe amalume ake. Mukamuuze aleke." Conco pamene mnyamatayo anati, "Amalume, pa Cisanu tiyenda ku Boven, mukaone vamene nicita na anzanga," ndinavomela msanga. Mlandu sauweluza usanaone munda.

Boven ndi kufupikitsa cabe. Dzina lonse ndi Waterval Boven, mawu a Cidachi otanthauza kuti pamwamba pa mathithi, ndipo kucokela mu 2009 dzina la boma ndi Emgwenya. Ndi katauni kakang'ono m'cigawo ca Mpumalanga, pa msewu wa N4 umene umacoka ku Pretoria kupita ku Maputo, ulendo wa maola ngati atatu kucokela ku Johannesburg. Mumayenda m'dziko lathyathyathya, udzu, minda ya cimanga, migodi ya malasha ya ku eMalahleni, mpaka maso kutopa. Ndiyeno mwadzidzidzi dziko limaduka. Mtsinje wa Elands umagwa pa mathithi a mamita pafupifupi 75 ndi kulowa m'phompho lozingidwa ndi makoma a mwala wofiila monga njelwa yowocha. Kuti muone bwino: Findeco House yonse ija ndi ya mamita 90. Cotsaniko nsanjika zingapo pamwamba, ndiye mathithiwo.

Tauniyi inabadwa ndi njanji. Njanji yocoka ku Pretoria kupita ku Delagoa Bay, kumene lelo timati Maputo, inatsegulidwa mu 1895, ndipo pamalo pano ndi pamene omanga anaona zowawa. Citunda cinali cacikulu kwambili moti sitima inali kukwela ndi mano: pakati pa njanji ziwili anaikapo yacitatu yokhala ndi mano monga a giya. Mphanga imene anaboola m'phili pafupi ndi mathithi, yomalizidwa mu 1893, ikalipo mpaka lelo ndipo mungayendemo ndi miyendo. Mu 1949 sitima yonyamula amuna a ku Mozambique ocokela ku migodi ya ku Joni inagwa pa ulalo kufupi ndi tauniyi, ndipo anthu oposa 60 anafa ali paulendo wobwelela kwawo. Amene muli ndi ambuya anu amene anapita ku Wenela mudziwa kuti masitima otele anali kunyamula ndani.

Nchito za njanji zitacepa, tauni inazizila. Ndiye kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 kunabwela anthu a mtundu wina, onyamula zingwe ndi makina oboolela mwala. Lelo m'makoma a phompho limeneli muli njila zokwela zoposa 700, ndipo anthu amabwela kucokela ku Ulaya ndi ku America kudzazikwela. Ndikati njila musaganize kanjila ka mbuzi. Ndi mzele wa mabauti okhomedwa m'thanthwe kucokela pansi mpaka pa cheni ca pamwamba, mamita 15, 25, pena kupitilila 35. Njila iliyonse ili ndi dzina ndi nambala. Ya 10 kapena 12 ndi ya ophunzila, ya 20 ifuna wozolowela, ndipo zopitilila 30 ndi za anthu owelengeka. Maina amapatsa ndi amene wayamba kuikwela, ndipo amaseketsa monga mawu a kumbuyo kwa ma minibasi athu: Monster, Godzilla, Snapdragon. Ina imachedwa Rolihlahla, dzina la Nelson Mandela. Anayamba kuikwela ndi mtsikana wa ku America, Sasha DiGiulian, mu 2013, caka cimene mkuluyo anamwalila.

Manje nkhani ya nyengo, cifukwa ndiyo imalamula zonse. Kumeneko December ndi January ndiyo miyezi yotentha, ndiponso ndiyo miyezi ya mvula. Akatswili amakonda May mpaka August, pamene kuli kouma ndi kozizila, pakuti mwala wozizila umagwilana bwino ndi mphila ya nsapato ndipo manja sacita thukuta. Koma munthu wolembedwa nchito sasankha nyengo. Chuti cimabwela mu December, ndipo ndi pamene ambili amapeza mpata. Conco amakwela m'nyengo yovuta, ndipo tsiku lonse limakhala masewela a cibisalilano ndi dzuwa.

Khoma loyang'ana kum'mawa limalandila dzuwa kuyambila mbandakuca. Pofika 10 koloko mwala watentha monga mbaula, zala zimatelela, mutu umazungulila. Mthunzi umafika pa khoma lotelo dzuwa likapendeka, masana. Koma masana omwewo ndi pamene mitambo imayamba kuunjikana pamwamba pa mapili, ndipo mvula ya kumeneko imabwela ndi mabingu ndi mphezi zosaseka. Mwaona vuto? Mthunzi ndi mvula zimafika pa sitesheni nthawi imodzi. Ukafulumila upsa, ukacedwa uvumbwa, ndipo uli pamwamba pa thanthwe wanyamula zitsulo m'ciuno. Ndiye cifukwa cake usiku, pa malo ogona, anyamata ndi atsikana aja sanali kukambilana za mphamvu za m'manja. Anali kutsutsana za khoma liti liyang'ana kuti, mthunzi ufika nthawi yanji, ndipo ndi khoma liti lopendekela kunja monga khonde limene silinyowa ngakhale mvula igwe. Ndinakumbukila mmene ife timawelengela misewu: ukacoka ku Chelstone 6 koloko upita bwino, ukacedwa mphindi 20 wagona pa Great East Road.

Tinauka kukali mdima. Aliyense ananyamula madzi malita awili kapena atatu, buledi, nthoci ndi nshawa. Za nsima iwalani, m'phompho mulibe mbaula. Tinatsika kanjila kotelela ndi mame, anyani akutikuwa kutsidya monga ma ng'wang'wazi a pa City Market.

Zipangizo zake n'zocepa kuposa mmene mungaganizile. Pali lamba amene amazungulila m'ciuno ndi m'nchafu, cisoti colimba cifukwa ca tumiyala togwa, kathumba ka coko koumitsila manja, ndi nsapato za mphila zothina monga zimene munagula pa salaula osayesa. Cingwe n'cotalika mamita 60 kapena 70, kunenepa kwake ngati cala ca kanise. Musacifananize ndi cingwe comangila katundu pa kaliya. Ici cimatambasuka dala, kuti munthu akagwa cimugwile mofewa m'malo momuthyola msana. Ndiye pali tungowe twa citsulo totseguka m'mbali, tumene amati carabiner. Kamodzi kamakwana m'dzanja la mwana, koma ambili alembedwa 22 kN kapena kuposa, kutanthauza kuti kangapilile kulemela kwa matani awili, pafupifupi Hiace yopanda anthu.

Woyamba kukwela amanyamuka cingwe cili comangidwa pa lamba wake. Akafika pa bauti, amakolekapo kangowe ndi kupisamo cingwe, n'kupitilila. Mbali ina ya cingwe ili ndi wa pansi, yapita m'kacitsulo ka buleki komangidwa pa lamba wake. Nchito ya wa pansi ndi kupeleka cingwe pang'onopang'ono. Akapeleka cocepa amukokela mnzake pansi, akapeleka cambili ndiye kuti mnzake akagwa agwa mtunda wautali. Masamu ake ndi osavuta koma oopsa: ukakhala mamita awili pamwamba pa bauti yothela, ugwa mamita anayi, kuwonjezapo kutambasuka kwa cingwe. Kugwa si ngozi m'masewela awa. Amagwa tsiku lililonse, ena kakhumi pa njila imodzi. Ngozi yaikulu imakhalapo ngati wa pansi wagona.

Ine anandipatsa njila ya ophunzila, cingwe atacipacika kale pa cheni ca pamwamba, moti ngakhale nditelele sindikanagwa kuposa kutalika kwa mkono. Ndinamanga mfundo mmene anandiphunzitsila, yooneka monga nambala 8. Ndiyeno mnyamata uja anabwela kutsogolo kwanga. "Amalume, imililani bwino nikuchekeni." Anagwila lamba wanga ndi kumukoka mwamphamvu, anapenda mfundo mbali zonse, anagogoda cisoti. Kwathu kum'mawa mwana sagwila lamba wa amalume ake. Uyu ndi mwana amene ndinakamulembetsa giledi 1 ndi manja angawa. Atatha anatambasula manja ake nati, "Manje naimwe nichekeni." Ndipo sanalole kuti ndingogwedeza mutu. Anafuna kuti ndigwile kangowe kake ndi kuona ndi zala zanga kuti n'kokhoma.

Kukwela kwenikweni sindikambapo zambili. Ndi nchito ya miyendo kuposa manja, ndipo mwala umene uoneka wosalala ukakhala patali uli ndi tumakwelelo tosawelengeka ukauyandikila. Maondo ananjenjemela monga singano ya makina osokela, koma ndinafika pa cheni. Covuta cinali pamenepo. Kuti utsike uyenela kuleka mwala, kutsamila kumbuyo pa mphepo, ndi kupeleka thupi lako lonse ku cingwe.

"Amalume, lekani mwala! Nkhalani monga muli pa mupando!"

"Wagwila iwe?"

"Nagwila."

"Wagwila zoona?"

"Amalume, nagwila. Lekani."

Ndinayang'ana pansi. Anaoneka wamng'ono monga tsiku lija la giledi 1. Zala zanga zinakana kwa kanthawi, kenako ndinazitsegula cimodzi-cimodzi. Cingwe cinakungika, lamba anandinyamula, ndipo ndinatsika pang'onopang'ono monga ndowa ya pa citsime. Mtsinje unali kulila pansi, tumbalame tukuuluka m'munsi mwa mapazi anga. Zinali zokoma, sindinama.

Pambuyo pake anandipatsa mbali inayo. Iye akwele, ine ndigwile, ndipo mtsikana wina wozolowela anaimilila kumbuyo kwanga atagwilako nsonga ya cingwe, monga mmene amacitila ndi wophunzila aliyense. Lamulo ndi limodzi: dzanja la buleki silicoka pa cingwe. Nchenche ikutele pamphuno, silicoka. Foni ilile m'thumba, silicoka. Thukuta lilowe m'maso, silicoka. Mphindi 15 zimenezo zinanditopetsa kuposa kukwela. Wokwela amaona dziko, amajambulidwa, amaombeledwa m'manja. Wa pansi amaona zidendene za mnzake cabe, ndipo palibe amamuyamika kupatulapo mnzakeyo. Koma ndinaona kuti pagululo munthu samufunsa kuti umakwela nambala yanji asanamupatse cingwe. Amayamba amuyang'ana mmene agwilila ca wina. Amene amakonda nkhani kapena foni ali pa cingwe, mawa amasowa womukwelela, ngakhale akhale katswili bwanji.

Pa khoma loyandikana nalo ndinaona cimene amatanthauza. Mwamuna wa thupi, wolemela ndithu, anali pamwamba pa bauti yake pamene dzanja linatelela ndi thukuta. Anakuwa kamodzi n'kugwa. Amene anagwila cingwe anali mkazi wocepa thupi. Kulemela kwa mwamunayo kunamunyamula mkaziyo m'mwamba kupitilila mita, mapazi n'kukagunda khoma, koma dzanja la buleki silinasunthe. Onse awili anali lendelende, wina pamwamba wina pansi, akuseka. Mwamunayo anapuma pang'ono, anapaka coko m'manja, n'kuyambanso.

Za kucekana zija, ndinafunsa ngati ngakhale akatswili amacita. Anandisimbila za Lynn Hill wa ku America, mmodzi wa okwela miyala odziwika kwambili padziko. Mu 1989, ku Buoux m'dziko la France, anayamba kumanga mfundo yake, cinacake cinamusokoneza, ndipo sanaimalize. Anakwela mpaka pamwamba, anatsamila kumbuyo monga ndinacitila ine, ndipo cingwe cinasololoka. Anagwa mamita oposa 20. Cinamupulumutsa ndi mtengo umene anagwelamo asanafike pansi. Mayi yemweyo mu 1993 anakhala munthu woyamba kukwela njila yochedwa The Nose pa thanthwe la El Capitan, la mamita pafupifupi 900, ndi manja ndi mapazi okha, cingwe cili congomuteteza. Ngati wotele angaiwale mfundo, ndani angakane kucekedwa? Ngozi ina yodziwika ndi ya cingwe cacifupi: njila ndi ya mamita 35, cingwe ndi ca 60, ndipo potsitsa munthu nsonga imapulumuka m'kacitsulo ka buleki. Mankhwala ake ndi mfundo imodzi ku nsonga, nchito ya masekondi asanu. Vidiyo imene imazungulila kwambili m'mafoni ndi ya Alex Honnold, amene mu June 2017 anakwela El Capitan yemweyo wopanda cingwe ciliconse. Ameneyo ndi nkhani ina. Pa anthu onse amene ndinaona ku Boven, panalibe ndi mmodzi yemwe wokwela wopanda cingwe.

Apa ndipo ndifuna tikambilane ife okhaokha, mmene tapanikizana muno anayi-anayi pa mpando. Amene timawaseka kuti asakila imfa sanyamuka pansi asanapendane, ndipo wamng'ono amapenda wamkulu popanda wokwiya. Ife m'mawa uliwonse timapeleka moyo kwa munthu amene sitimudziwa ngakhale dzina. Tayala lacita dazi, timaliona. Citseko camangidwa ndi waya, timaciona. Dalaiva dzanja lina lili pa foni, lina likuwelenga cenji, timaona. Wina akalimba mtima nati, "Ba dalaiva, cepetsani liwilo," amayamba kumuzazila ndi okwela anzake: "Ngati muyopa, gulani yanu motoka!" Sindinena kuti madalaiva onse ndi otelo. Alipo amene amayendetsa monga anyamula mazila, ndipo nawonso, mofanana ndi wa pansi uja, palibe amawajambula. Ndingonena kuti pa magulu awiliwa, ocita zinthu mosasamala si amene ali pa thanthwe.

Mvula inabwela tsiku laciwili. Tinali titayembekezela mthunzi mpaka masana, ndipo anthu anali atangoyamba kukondwa kuti mwala wazizila. Kumadzulo kunada. Mphepo inasintha, inayamba kununkha fumbi lonyowa. Mphezi itang'anima ndinamva mtsikana uja akuwelenga capansipansi, ndipo bingu litalila anati, "Makilomita anayi." Amawelenga masekondi pakati pa kuwala ndi kulila, masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Mwana wa mlongosi wanga anali pa njila imene wakhala akuilimbana nayo miyezi ingapo, atatsala ndi mabauti awili kuti afike pa cheni. Mnzake wa pansi anakuwa mawu amodzi cabe akuti atsike. Ndinayembekezela mkangano, cifukwa mnyamatayu ndimamudziwa, anatengela liuma la kwa amake. Anayang'ana cheni, anayang'ana mitambo, n'kutsamila pa cingwe. Anasiya tungowe twake tuwili pa khoma, zinthu za ndalama, kuti akatutenge mawa.

Tinathawila pansi pa thanthwe lopendekela, zitsulo tazivula ndi kuziika patali. M'mphindi zocepa makoma ofiila aja anasanduka akuda, madzi akutsika pa njila zimene anthu anali kukwela posacedwa, ndipo mtsinje pansi unasintha mawu. Mwala umenewu ukanyowa umatelela monga sopo. M'phompho mvula siifunika kugwa pamene uli kuti ikuvute. Ingagwe kumtunda, iwe uli pa dzuwa, madzi n'kukupeza pa kanjila kowolokela.

Usiku umenewo ndinatumila foni mlongosi wanga. Ndinamuuza kuti mawu ake ndafikitsa, ndipo ndinafikitsadi. Ndinamuuzanso kuti sindinamulamule mwanayo kuleka. Ndinati ndamuona akupenda mfundo ya amalume ake popanda manyazi, ndipo ndamuona akumvela mnzake pamene mtima wake unali kufuna cheni. Ngozi ilipo, sindinamubise, anthu amavulala ndipo ena amafa. Anakhala cete nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga cisoti amavala?" Ndinati amavala. Nkhaniyo sinathe, ikali kuyembekezela kuti mwini wake abwele adzadziyankhile.

Cimene sicinandikondweletse ku Boven ndi cina. Masewelawa ndi odula. Cingwe cimodzi cingakulipilileni lendi ya miyezi ingapo mu komboni, ndipo sicikhala kosatha, cimakalamba n'kutayidwa. Okwela ambili amabwela ndi motoka zawo kucokela ku Johannesburg ndi Pretoria, pamene anthu a m'komboni ya Emgwenya, imene ili pafupi ndi mathithi, ambili alibe nchito kucokela pamene njanji inazilala. Kwacitikapo zakuti okwela afwambidwa pafupi ndi mphanga ya sitima ija, moti alendo amalangizidwa kupitako m'gulu kapena ndi wowatsogolela wa komweko. Thanthwe ndi lawo, koma amene amalidyela ndi ena. Zikusintha pang'onopang'ono. Ndinaona anyamata a m'tauniyo akutsogolela alendo, ndipo ena akukwela njila zimene alendowo anali kungoziyang'ana. Kukwela miyala kunalowa m'masewela a Olympics ku Tokyo mu 2021, ndipo South Africa inatumizako awili, Erin Sterkenburg ndi Christopher Cosser. Mwana wa m'komboni amene waphunzila kugwila cingwe ali ndi luso limene mlendo angalipile, ndipo luso lomwelo ndi limene amafuna pa nchito zokwela nsanja za mafoni ndi kutsuka mawindo a nyumba zitalizitali.

Pobwelela, basi itawoloka Zambezi, ndinali kuyang'ana miyala yathu ndi maso ena. Ife mu Lusaka mwala timaudziwa monga cinthu cophwanya. Pitani m'mbali mwa misewu ya ku Kalingalinga kapena ku Misisi muone amayi atakhala pa dzuwa ndi nyundo, akuswa miyala yogulitsa pa wilibala. Ku Boven mwala umabweletsa ndalama uli ciimilile, ndipo mawa ulipobe. Phompho nafenso tili nalo, la Batoka, kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya, la mwala wakuda, kumene alendo amatsitsidwa pa zingwe ndi kulumpha pa ulalo. Koma amene anafikako mu October adziwa kuti mmenemo mumatentha monga mu uvuni, ndipo si mwala uliwonse umene ungakhulupilile bauti. Pafunika anthu odziwa kuupenda, ndi ena obwelako caka ndi caka kudzaona ngati zitsulo sizinacite dzimbili. Musatenge cingwe ca pa kaliya n'kupita ku kwale ya pafupi ndi kwanu cifukwa mwawelenga nkhani ino.

Anansi athu ku Malawi ali ndi phili la Mulanje, kumene khoma la kumadzulo la nsonga ya Chambe limachulidwa kuti ndi la mamita pafupifupi 1,700, limodzi la makoma aatali kwambili okwela mu Africa. Ndi kumene mnyamata uja waika mtima tsopano. Akuti adzabwela m'nyengo yozizila ndi anzake awili, adzagona kwa amake masiku atatu, ndiye n'kupitilila. Wandipempha kuti ndimufunsile pa Intercity mtengo wa basi ya ku Chipata, ndiponso ngati cikwama ca zingwe amacilipilitsa monga katundu.